Mwatiiwala akunyanja

A mtolankhani, mwati zoimbaimba zokoma chaka chino zinali ku Lilongwe ndi ku Blantyre basi. Nanga ife kuno ku Mangochi? Paja chikondwerero cha zoimbaimba cha Lake of Stars chinkachitikira pa Nkopola pompano.

Ine shoo imene sindidzaiwala ndi ya bandi ina ya rege m'mbali mwa nyanja, mu Okutobala, kukutentha koopsa. Pakati pa usiku magetsi anathima, jenereta n'kukana kulira. Palibe anachoka. Woimba ng'oma anapitiriza yekha mumdimamo, ife tonse tikuyankha nyimbo mokweza, mapazi mumchenga, uku nyali za asodzi a usipa zikuwala patali panyanja. Misozi inatsika ndithu.

Anzanga amene munalipo usiku umenewo, ndichitireni umboni.