Pemphero lopempherera gombe la Mozambique ndi anthu amene akulifufuza

Abale ndi alongo, tiyeni tipemphere limodzi.

Chauta Namalenga, Inu amene munaikira nyanja malire, tabwera kudzapempherera nyanja yamchere ya Indian Ocean, makamaka gombe la Mozambique. Ambiri mwa ife sitinaionepo ndi maso, komatu madzi athu amakathera komweko. Mvula yogwa ku Mulanje imatsikira mu Ruo, Ruo amathira mu Shire pa Chiromo, Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakatula zonse m'nyanja cha ku Chinde. Dothi lokokoloka m'minda mwathu limadzera njira yomweyo, pamodzi ndi majumbo ndi mabotolo otayidwa m'ngalande. Mutikhululukire, Ambuye, chifukwa zinyalala zathu zikusautsa anthu amene sanatilakwire.

Tikukuyamikani chifukwa cha mitengo ya mangrove, yomera m'matope momwe madzi a mtsinje amakumana ndi amchere. Mizu ya ina mwa iyo imatuluka m'matope ngati zikhomo kuti mtengo upume. Pakati pa mizu imeneyi m'pamene mumabisala nkhanu, tiana ta nsomba ndi ma prawn, mpaka zitakula n'kupita kunyanja yakuya. Mitengo yomweyi imafooketsa mafunde asanafike pakhomo pa munthu. Sitinaiwale namondwe wa Idai amene anasakaza Beira mu 2019, ngakhalenso Freddy amene mu 2023 anatulukira cha ku Quelimane n'kudzatiliza maliro ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Tetezani nkhalango zimenezi, Atate. Bambo amene akuzidula kuti aotche makala kapena apeze milimo ya nyumba mumudziwa, ndipo njala ya ana ake mukuiona. Mupatseni njira ina yopezera chakudya, chifukwa lamulo lokha silingamudyetse.

Ambuye, timvereni.

Tikupereka m'manja mwanu akatswiri ofufuza za m'nyanja. Kumbukirani a pa chilumba cha Inhaca, pomwe pakhala malo a kafukufuku kuyambira mu 1951, ndi ophunzira a pa yunivesite ya Eduardo Mondlane. Onani mtsikana amene watitimira m'matope mpaka m'mawondo, udzudzu uli ng'wii m'makutu, akuyeza kunenepa kwa mtengo uliwonse n'kumalemba m'kabuku konyowa, kwinaku akuyang'ana kuti madzi asam'tsekereze pobwerera. Ena amamira pansi kukaona matanthwe a korali amene amayera n'kufa madzi akatentha kwambiri, monga zinachitikira mu 1998. Apulumutseni ku ngozi ndi ku malungo. Apatseni mtima wonena zoona, ngakhale zoonazo zikwiyitse amene akulipirira kafukufukuyo.

Ndi akatswiri ngati amenewa amene anaonetsa kuti ma prawn a ku Sofala Bank, dera la nyanja lozungulira mathiriro a Zambezi, amadalira kusefukira kwa Zambezi, ndi kuti madamu a Kariba ndi Cahora Bassa anasintha nyengo imene madziwo amafikira kunyanja. Magetsi tikuwafuna ndithu, Ambuye, koma msodzi wa kumunsi naye ndi mwana wanu. Apatseni nzeru oyendetsa madamuwa kuti potsekula ndi potseka madzi azikumbukira matope a kumathiriro.

Ambuye, timvereni.

Mwapadera tikulirira dugong, nyama yofatsa yodya udzu wa pansi pa nyanja. Mu East Africa monse, gulu lokhalo limene lingathe kuchulukanabe latsala ku zilumba za Bazaruto, ndipo ndi mazana ochepa chabe. Mu 2022 bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe pa dziko lonse, linalengeza kuti nyamazi zili pangozi yaikulu yotheratu m'chigawochi. Yaikazi imabereka kamwana kamodzi, kenako pamapita zaka isanaberekenso. Ikakodwa mu ukonde imalephera kukwera kukapuma mpweya, n'kufera pansi pa madzi. Munailenga ndinu, Atate, ndipo mtima ukutipweteka kuganiza kuti ingathere m'masiku athu.

Tikupemphereranso amayi okokolola tinsomba ndi masikito m'mphepete mwa gombe, monga zimachitikiranso ku nyanja yathu ya Malawi. Akudziwa kuti akutha mbewu ya mawa, koma ndiwo za lero zilibe kwina kochokera. Musalole kuti zopeza za akatswiri zingothera m'mashelefu a maofesi a ku Maputo kapena m'misonkhano ya kunja. Zibwerere kwa eni gombe m'Chisena, m'Chichuwabo ndi m'Chimakuwa, ndipo ofufuzawo akhale pansi kumvera nkhalamba zimene zinadziwa mayendedwe a nsomba sukulu zisanabwere.

Gwirani mitima ya atsogoleri osaina zilolezo za zombo zazikulu zophera nsomba ndi za migodi ya m'mphepete mwa nyanja. Chiphuphu chisawatseke makutu pamene ofufuza akuchenjeza.

Tapempha zonsezi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Amen.