Tisamathamangire chmod 777 seva ikakana kuonetsa fayilo yatsopano

Maganizo anga ndi akuti ife amene timasamalira mawebusaiti tisiye chizolowezi chothamangira chmod 777, lamulo lopatsa aliyense chilolezo chowerenga, kusintha ndi kuyendetsa fayilo, nthawi iliyonse seva ikakana kuonetsa fayilo imene tangoiika kumene.

Sabata yatha ndinaika zithunzi zatsopano pa seva yoyendera Rocky Linux (mtundu wina wa Linux) ndi Apache (pulogalamu yotumiza masamba a webusaiti kwa owerenga). Zithunzi zakale zinkatseguka bwinobwino, koma zatsopanozo zinkangobweza uthenga wa 403 Forbidden, kutanthauza kuti seva yakana kuzionetsa. Mnzanga wa kuntchito anandilangiza kuti ndipereke 777 ku foda yonse, ndipo zikakanikabe ndizimitse SELinux, chitetezo cha Linux chimene chimalola kapena kuletsa pulogalamu kugwira fayilo potengera chizindikiro cha fayiloyo. Ndinakana, chifukwa 777 imapatsa aliyense amene ali m'kati mwa sevayo mphamvu zosintha mafayilo, kuphatikizapo pulogalamu imene akuba a pa intaneti aithyola kale. Kuchita zimenezi n'chimodzimodzi kuzula chitseko cha nyumba chifukwa choti kiyi wavuta.

Ndinayamba ndi kuwerenga error_log, fayilo imene Apache imalembamo zolakwika, ndipo inalemba kuti Permission denied (chilolezo chakanidwa), pamene lamulo la ls -l linkaonetsa chilolezo cha 644 (mwini fayilo amawerenga ndi kusintha, ena amangowerenga), chomwe ndi choyenera ndithu. Gwero la vutoli linaoneka nditalemba ls -Z, lamulo loonetsa zizindikiro za SELinux pa mafayilo. Zithunzi zakale zinali ndi chizindikiro cha httpd_sys_content_t, chimene Apache imaloledwa kuwerenga, koma zatsopanozo zinali ndi user_home_t, cha mafayilo a mu foda ya munthu. Ndinali nditazisunga kaye mu foda yangayanga, kenako n'kuzisamutsa ndi mv, ndipo mv imanyamula fayilo pamodzi ndi chizindikiro chake chakale, pamene cp, lamulo lokopera, imapanga fayilo ina imene imatenga chizindikiro cha foda yomwe yafikiramo. Ndiye kuti ngakhale 777 ija sikanathandiza chilichonse, popeza SELinux imayang'ana chizindikirocho, osati manambala atatu aja. Nditalemba restorecon -Rv /var/www/html, lamulo lobwezeretsa zizindikiro zoyenera mu foda ya webusaiti, zithunzi zonse zinatseguka nthawi yomweyo.

Ndikudziwa kuti si seva zonse zimene zili ndi SELinux. Pa Ubuntu, mtundu winanso wa Linux, vuto likhoza kukhala lakuti fayilo yabadwa ndi 600 (mwini yekha ndiye angaiwerenge) chifukwa umask, yomwe imasankha chilolezo cha mafayilo atsopano, ili pa 077, choncho www-data, dzina limene Apache imagwirira ntchito, singathe kuiwerenga. Uthenga ukakhala 404, kutanthauza kuti fayilo sinapezeke, onani kalembedwe ka dzina, pakuti kwa Linux Chithunzi.JPG ndi chithunzi.jpg ndi mafayilo awiri osiyana.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti amene wazimitsa SELinux usiku pofuna kupulumutsa webusaiti, kawirikawiri sakumbukiranso kuiyatsa kukacha, ndipo mwini webusaitiyo sadziwa n'komwe kuti seva yake yatsala yopanda mlonda.