Achimwene anandifunsa komwe anthu osiya mowa amakumana

M'mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Dedza kuja koti madzi a m'ndowa amaluma zala, achimwene anga anakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi. Manja ankanjenjemera moti tiyi wambiri anathera pa thalauza. Anali atatha masiku awiri osalawa kachasu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chemwali, kodi kulibe komwe anthu ngati ine amakumana? Pandekha zandikanika."

Tsiku lomwelo ndinapita nawo kuchipatala, ndipo ndikupempha aliyense amene ali ndi m'bale wotere achite chimodzimodzi. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi, thupi limavuta: thukuta, kunjenjemera, kusowa tulo. Ena amaona zinthu zoti palibe, ena amagwa ngati a khunyu, makamaka m'masiku atatu oyamba. Zimenezi zimatha kupha munthu. Musamutsekere m'nyumba n'kumati ndi ziwanda. Pachipatala cha boma funsani oona za matenda a maganizo. A chipatala cha St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu nawonso amathandiza anthu ofuna kusiya mowa, ngakhale kwa ife a kuno thiransipoti yokha ndi nkhani.

Koma kuchipatala munthu amatulukako, n'kubwerera pamudzi pomwe paja. Akangogulitsa matumba a mbatatesi pa Bembeke kapena pa Lizulu, anzake aja afika kale, akudziwa kuti m'thumba muli kanthu. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma unabwereranso m'timabotolo, ndipo kuseri kwa nyumba zambiri kachasu akutchezedwabe. Apa ndi pamene funso la achimwene linandisowetsa tulo.

Ndinasaka pa foni mpaka ndinawerenga za Alcoholics Anonymous, imene ambiri amangoti AA. Inayamba mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America. Bill Wilson anali atasiya mowa kwa miyezi yochepa, ndipo ali paulendo wa ntchito chilakolako chinamugwiranso. M'malo molowa m'bala, anasaka munthu wina wovutika ndi mowa woti acheze naye, ndipo anapeza dokotala Bob Smith. Anayamba awiri okha basi. Mpaka lero salipiritsa, amatchulana dzina loyamba lokha, ndipo chofunika kuti ulowe ndi mtima wofuna kusiya kumwa. Misonkhano yawo ya pa intaneti, pa Zoom, ilipo yambiri, koma achimwene anaiyesa kamodzi, Chingelezi chothamanga chija ndi bandulo zinawagwetsa ulesi.

Maganizo anga ndi akuti tisadikire kuti gulu lotere lidzachokere ku Lilongwe. Kukhala m'magulu timakudziwa kale. Amayi amakumana ku banki m'khonde sabata iliyonse osajomba. Abale athu amene ali ndi HIV anayambitsa magulu awo nthawi imene anthu ankawaloza zala, ndipo magulu amenewo anapulumutsa miyoyo. Chimene chikutimanga pa nkhani ya mowa ndi miseche. Bambo angaulule bwanji kuti anagulitsa feteleza wa banja n'kumwera, akudziwa kuti mawa nkhaniyo ili pa mjigo? Dzina loti chidakwa timaliponya mopepuka, koma limatseka munthu pakamwa.

Ine ndimapemphera, ndipo achimwene anapemphereredwa kangapo. Ndikuthokoza. Komabe Lolemba madzulo, mmero ukauma, amafunika munthu amene anadzukapo m'ngalande nsapato zitabedwa, woti akamva nkhani yako sadzidzimuka.

Ife munthu ameneyo tinamupeza pamsika, telala wina wachikulire amene anasiya mowa kalekale. Nditamufotokozera anaimitsa makina, n'kungoti, "Auzeni abwere Lachinayi, ine ndikhala ndilipo." Lero alipo anayi. Amakhala pa mabenchi awiri m'kachipinda kena, aliyense amalankhula nthawi yake, wina samudula mawu, ndipo zonenedwa mmenemo zimathera mmenemo. Ine sindilowamo, ngakhale mtima umafuna kumva. Achimwene anagwapo kamodzi n'kumwanso, ku chinkhoswe cha mwana wa malume. M'mawa mwake anzawo awiri anabwera, sanawakalipire, anangokhala nawo pa mphasa mpaka dzuwa litakwera, Lachinayi n'kudzawatenga.

Ndiye pempho langa likupita kwa inu mafumu, abusa, ansembe, mashehe ndi aphunzitsi akulu a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Wina akabwera kudzapempha chipinda cha msonkhano wotere, mupatseni kiyi. Musafunse mayina a obwera, musawalengeze m'tchalitchi ngati umboni, ndipo musalowemo kukalalikira. Inu a zaumoyo a m'midzi, mukadziwa munthu amene anasiya mowa ndipo wakhazikika, mufunseni ngati angalole kuti ena amupeze. Ngati kwanuko, ku Lobi, ku Mayani, ku Tsangano kapena ku Kampepuza, kuli kale anthu amene amakumana chonchi, ndiuzeni tsiku ndi dera lokha, mayina ayi. Pali bambo wina wa ku Linthipe amene amapalasa njinga ulendo wonsewo kudzakumana ndi achimwene ndi anzawo Lachinayi lililonse, ndipo mvula ikayamba sadzakwanitsa.