Maso si tepi, yezani musanatchule mtengo

Lero ndapsa mtima ndipo sindikhala chete. Inu amene mumadzala kapinga m'makomo mwa eni kuno ku Dedza, siyani kuyeza bwalo ndi maso.

Sabata yatha ndinaitana bambo ena oti ndi akatswiri a kapinga kuti andidzalire kutsogolo kwa nyumba. Anafika, anaima pakhonde manja ali m'thumba, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, basi. "Mayi, mawilibala 20 akwana, imodzi K3,000." Ndinawafunsa ngati sayeza kaye. Akuti ntchitoyi anaiyamba kalekale, maso awo sanama. Ndinapereka K60,000. Lero kapinga wathera panjira, ngakhale theka la bwalo silinakwane, kwinako ndi fumbi lokhalokha, ndipo bambo aja aima pageti akuti ndiwonjezere ndalama.

Ndabwereka tepi kwa aneba anga akalipentala n'kuyeza ndekha. Bwaloli ndi mamita 12 mulitali, 8 mulifupi, kuchulukitsa ndi masikweya mita 96. Pomwe pagona kapinga ndi 40 okha, ndiye kuti wilibala imodzi ikukuta masikweya mita 2. Bwalo lonse likufuna mawilibala 48, tiikepo 5 a zodula m'mphepete ndi zidutswa zofika zitauma kale, onse 53. Imeneyo ndi K159,000, osawerengera manyowa, ngolo yotuta ndi ganyu yawo. Masamu a kupulayimale awa, sananditengere ngakhale mphindi 10. Munthu wotchedwa katswiri akanika bwanji?

Kaya ndi ulesi, kaya ndi dala kuti ndikopeke ndi mtengo wotsika, zimenezo akudziwa okha. Ine changa n'chimodzi: yezani. Mulibe tepi, tengani chingwe. Yalani wilibala imodzi pansi muone pomwe yafika, kenako muwerengere. Mtengo wotchulidwa musanayeze si mtengo, ndi bodza, ndipo bodzalo amalipira ndi mwini nyumba. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo mukudyetsa ife.

Akanandiuza K159,000 tsiku loyamba lija ndikanaganiza bwino. Mwina ndikanadikira mvula ya mu Disembala n'kudzala timizu motalikana m'mizere, kapinga n'kuyanga yekha, pakuti kudzala kotero kumafuna kapinga wochepa kwambiri kuposa kuyala zigamba. Mwina ndikanachepetsa malowo, kwina n'kuika maluwa. Ufulu wosankha umenewo andilanda. Tsopano ndatsala ndi bwalo longa mutu wometedwa mbali imodzi, kusiya sindingasiye, ndalama zopitirizira ndinalibe pa bajeti. Ndipo kuzizira kwa kuno mukukudziwa, mu Juni ndi Julaye kapinga sathamanga kugwira, ndikhala ndikuthirira madzi a pampopi m'mawa ndi madzulo, bilu ikukwera. Zimenezonso sananene.

Musandiuze kuti amisiri onse amatero. Womanga nyumba amawerenga njerwa, telala amayeza m'chiuno asanadule nsalu. Wakapinga yekha ndiye akhale wolosera?

Ndipo kapinga amene abweretsayo theka lake ndi dawe. Angokumba kudambo osasankha, asiya maenje komwe ana amadutsa ndi mbuzi, n'kudzandigulitsa udzu woti ndidzakhala ndikuzula zaka zitatu. Dawe pa K3,000!