Nyanja ili pakhomo, pampopi pali gwa!

Msewu wa M5 wochoka ku Salima kupita ku Nkhata Bay ndimaukonda kwambiri. Pa mlatho wa Chia upeza nsomba zongovuulidwa kumene, ku Dwangwa nzimbe zangoti biriwiri mpaka maso kulefuka, ukafika ku Chintheche mchenga woyera mbee, nyanja yangoti ndee ngati ilibe tsidya. Koma chondiwawa n'chogona cha m'njiramu.

Ulendo wapitawu ndinafika pa malo ena ogona alendo kufupi ndi Chintheche dzuwa litalowa. Msana unali utathyoka ndi maenje a mumsewu, fumbi lili m'makutu momwe, malaya atamatirira ndi thukuta. Ndinalipira ndalama zonse osanenerera. Kulowa kubafa, kutsegula mpopi, phee! Ngakhale kadontho. Mafunde ndikuwamva pazenera pompa akumenya gombe, ine n'kumasowa madzi osamba m'manja.

Nditafunsa, mnyamata wogwira ntchitopo anayankha mwaulemu kuti, "Pepani bambo, pampu inafa kalekale, ndikutungirani m'ndowa." Iyeyo sindikumuda, anathamanga ndithu mumdima mpaka kunyanja. Amene andikwiyitsa ndi eni malowo. Bwanji osandiuza ndisanalipire? Mtengo wa chipinda n'chifukwa chiyani sunatsike? Mpanda wautali wotchinga gombe kuti ana a m'mudzi asadutse anakwanitsa kumanga, utoto wa pageti n'kupaka bwinobwino, koma kukonzetsa pampu imodzi kwawakanika.

Ndinasamba ndi kapu, madzi amchengamchenga, udzudzu ukundidya m'miyendo. Neti yapabedi nayo inali ndi chiboo choti chibakera n'kulowa.