Akavalo akutha pa zionetsero za zaulimi ku America

Mpikisano wa akavalo pa zionetsero za zaulimi ku America ukufa, ndipo ine ndikuti chikuupha ndi kusowa kwa khola la chaka chonse.

Chionetsero choyamba cha chigawo chathunthu chinachitikira ku Syracuse, New York, mu 1841. Kunali ng'ombe, nkhosa ndi mapulawo. Koma ng'ombe yongoima ikubzikula sikoka khamu, choncho okonza zionetsero anayamba kulambula mabwalo othamangirapo akavalo. Mu 1933 California inaloleza kubetcha kotchedwa pari-mutuel, n'kulamula kuti gawo la ndalamazo lizithandiza zionetsero. Obetcha onse amaponya ndalama mumphika umodzi, eni bwalo ndi boma n'kutapapo pafupifupi 15 mpaka 25 pa 100 iliyonse, zotsalazo n'kugawana amene alosera bwino. Mphotho za eni akavalo zimachokera pa zotapidwazo. Bwalo lotchuka la Del Mar, lomwe linatsegulidwa mu 1937, lili pamalo a chionetsero cha San Diego County.

Tsono kavalo wake si wamba, ndi wa mtundu wothamanga wotchedwa Thoroughbred. Thoroughbred aliyense mzera wa atate ake umakathera kwa mmodzi wa amphongo atatu amene anafika ku England kalekale: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian, ndipo kaundula wa mtunduwu anayamba mu 1791. Amalemera makilogalamu pafupifupi 500, liwiro lake n'kumafika makilomita 60 pa ola, pa timiyendo towonda ngati bango. Mbandakucha uliwonse amafuna womuthamangitsa, wina womupesa ndi kumumanga mabandeji, wosula nsapato zachitsulo mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo dokotala. Chionetsero chimatha sabata ziwiri kapena zitatu. Kavaloyo adya chiyani miyezi inayo?

Mabwalo ambiri a pa zionetsero ndi aang'ono. La Timonium, pa Maryland State Fair, kuzungulira kwake ndi kilomita imodzi yokha, pomwe Churchill Downs, kwawo kwa mpikisano wotchuka wa akavalo wa Kentucky Derby, ndi makilomita 1.6. Makona amakhala akuthwa, ndipo poti ku America amathamanga mokhotera kumanzere, miyendo yakutsogolo imasenza katundu wosalingana. Kavalo woyambira kunja amathamanga mtunda wotalikirapo kuposa anzake. N'chifukwa chake mwini kavalo wa mtengo wapatali sabwera naye kumeneko. Amabwera ndi a mipikisano ya claiming, momwe kavalo aliyense amalowa ali ndi mtengo pamutu, ndipo wina akhoza kumugula mpikisano usanayambe. Ine sindiona chonyozeka pamenepo, ndiwo akavalo amene mlimi wamba ankatha kukhala nawo.

Vuto limabuka akavalo akachepa. Mpikisano wa akavalo asanu sukoma kubetcha, chifukwa wopambana amadziwikiratu ndipo phindu lake n'lochepa. Obetcha akathawa mphika umaphwa, mphotho zimatsika, ophunzitsa akavalo n'kusamukira kwina, akavalo n'kucheperacheperabe.

Kumpoto kwa California taziona ndi maso. Akavalo othamanga pa zionetsero za Pleasanton, Sacramento, Santa Rosa, Ferndale ndi Fresno ankadalira bwalo la Golden Gate Fields, komwe ankakhala ndi kupikisana miyezi yotsalayo. Bwalolo linatsekedwa mu Juni 2024. Anayesa kusamutsira mipikisano ku Pleasanton kumapeto kwa chaka chomwecho, koma ndalama za obetcha sizinakwane. Mu 2025 zionetserozo zinachitika popanda mpikisano wa akavalo.