Magadiyani, chonde siyani kupotoza dilipi

Chotopetsa m'wodi ya ana kuno ku Chigwa cha Shire ndi magadiyani odzisandutsa anamwino.

Namwino wayika dilipi, wawerengera madontho molingana ndi sikelo ya mwana, wangotembenuka, azakhali apotoza kale kagudumu kaja ati ithe msanga tizipita. Mayi anga, madzi akalowa mothamanga m'thupi la khanda amadzaza m'mapapo, mwana n'kuyamba kubanika. Dilipi ikaima kapena kadzanja kakatupa, itanani namwino, inu musakhudze.

Nanga za chakudya. Mwana wotupa miyendo chifukwa cha kunyentchera amayamba ndi mkaka wapadera wa kuchipatala wotchedwa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Koma wina abisa nsima ya mapira ndi mlamba m'chitenje n'kumamudyetsa mobisa, eti mkaka wokha sakhuta. Thupi lofooka chotero silingathe kulandira zimenezo, mtima umalemedwa. Chiponde nachonso ndi mankhwala a wodwalayo, sichogawira ana obwera kudzazonda. Thanzi ORS ya mwana wotsekula m'mimba ndi paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, yotsala itayidwe pakatha maola 24. Mukachepetsa madzi kuti ikhale yamphamvu, mchere umachuluka ndipo mwana amavulala nawo.

Inde m'Okutobala ku Ngabu ndi ku Nsanje kumatentha kupitirira madigiri 40, koma neti musaipinde usiku. Mwana wabwera ndi chibayo, abwerere kumudzi ndi malungo? Ndipo matewera aja musachapire pampopi womwe anzanu akutungapo madzi akumwa, kuno kolera sachedwa.